AKAZI AMENE ASANKHA KUBALA OKHA ZAKA ZITAPITA

Mai wolera ana yekha si mlendo kwa awerengi athu, pakuti palibe mudzi kapena mzinda umene mulibe wotere. Wina mwamuna wache anamwalira, wina ukwati unatha pamaso pa ankhoswe, ndipo wina mwamuna anapita ku Joni kukafuna nchito nakhala mchona wosatumiza ngakhale kalata. Amai onsewa sanafune kuti zitero. Zinangowagwera, ndipo iwo anasenza. Koma lero tifuna kusimba za mai wa mtundu wina, amene wayamba kuoneka kawiri-kawiri m'maiko a ku Ulaya ndi ku America m'zaka makumi anai zapitazi. Ameneyu ndiye mkazi wamkulu ndithu, wa zaka 36, 38 kapena 40, wophunzira, wa pa nchito ndi wa nyumba yache-yache, amene wakhala pansi nawerenga zaka zache, naona kuti mwamuna womuyenera sanabwere ndipo nthawi ya kubala irikutha, tsono natsimikiza mtima kuti adzakhala ndi mwana ngakhale palibe ukwati, ndiponso palibe bambo amene adzalowa m'nyumbamo.

Ku Denmark, dziko laling'ono la anthu pafupi-fupi 6 miliyoni kumpoto kwa Germany, akazi otere achuluka kufikira kuti chinenero cha kumeneko chawapatsa dzina lao-lao, ndilo solomor, ndiko kunena kuti mai wa yekha. Ku Britain bungwe la Boma loyang'anira zipatala zothandiza anthu kubala, lochedwa Human Fertilisation and Embryology Authority, linalengeza mu 2024 kuti akazi opanda amuna olandira chithandizo chotere anali ngati 1,400 m'chaka cha 2012, koma pofika 2022 anali ngati 4,800. Chiwerengero chimenechi nchochepa tikachilinganiza ndi ana onse obadwa m'dzikomo, koma chakwera koposa katatu m'zaka khumi zokha, ndipo nkhani yache yafika kale m'Nyumba za Malamulo za maiko angapo.

Zaka Sizidikira Munthu

Wina angafunse kuti, nanga mkaziyo alekeranji kudikira, popeza mwamuna amene sanaoneke chaka chino angathe kuoneka chaka cha mawa? Yankho lache liri m'thupi mwa mkazi momwemo. Madokotala atiuza kuti mwana wamkazi abadwa ali nao kale mazira onse amene adzakhala nao pa moyo wache, pakati pa 1 miliyoni ndi 2 miliyoni, ndipo thupi silipanganso ena. Pamene atha msinkhu atsala ngati 300,000 kapena 400,000. Pa zaka 37 atsala ngati 25,000. Ndipo pamene aleka kusamba, kumene kwa akazi ambiri kufika pakati pa zaka 45 ndi 55, atsala ochepa kwambiri. Si kuchepa kokha ai, komanso mazira otsalawo ayamba kufooka. Mkazi wathanzi wa zaka 30 wofuna pakati ali ndi mwai wa 20 pa 100 mwezi uliwonse, pamene wa zaka 40 mwai wache sufika ngakhale 5 pa 100. Ndipo mimba ikaima pa msinkhu umenewo siikhala yopanda nkhawa: pakati pa zaka 40 ndi 44 pafupi-fupi mimba imodzi mwa zitatu ipita padera, nthenda ya shuga ndi kuthamanga kwa mwazi zigwira amai oyembekezera achikulire koposa a zaka zochepa, ambiri achira pa mpeni, ndipo ngozi ya kubala mwana wa chilema chochedwa Down syndrome ikwera kufika ngati mwana 1 mwa 100 pa zaka 40.

Mwamuna alibe malire ofulumira chotere. Wa zaka 42 angathe kunena kuti sanakonzeke, nayenda-yenda zaka zina zisanu, nakwatira mtsikana, nabala ana atatu. Koma mkazi wa zaka zomwezo amene anamdikira sangathe kubweza mwezi ngakhale umodzi. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Anthu ambiri ayesa kuti akazi amenewa ndi odana ndi amuna, kapena onyada ndi maphunziro ao, koma ofufuza a ku University of Copenhagen atafunsa akazi otere m'zipatala za ku Denmark anasimba mu 2015 kuti ochuluka a iwo akadakonda kubala ali ndi mwamuna, ndipo njira ya kubala okha anaitenga itatsekeka yoyambayo.

Nzeru za madokotala zathandiza, koma sizinagonjetse zaka. Pa 25 Julayi 1978 ku Oldham, ku England, kunabadwa Louise Brown, mwana woyamba amene dzira la amache linakumanizidwa ndi mbeu ya atate wache kunja kwa thupi, m'mbale ya galasi, kenaka nkubwezedwa m'chiberekero. Njira imeneyi, yochedwa IVF, inali nchito ya Patrick Steptoe ndi Robert Edwards, ndipo Edwards analandira mphotho ya Nobel chifukwa cha iyo mu 2010. Koma ngakhale lero, ku Britain, mkazi wosafika zaka 35 apambana pafupi-fupi kamodzi mwa katatu pa kuyesa kuli konse, pamene wa zaka 43 kapena 44 wogwiritsa nchito mazira ache apambana ngati 5 pa 100 basi. Ndipo kuyesa kumodzi m'chipatala cholipira kudya mapaundi 5,000 kapena kuposa.

Mzamba Amene Anaona Mpata M'lamulo

Mbiri ya ku Denmark njoyenera kuimva bwino, pakuti isonyeza kuti lamulo ndilo linatsatira akaziwo pambuyo. M'chaka cha 1987 munthu wina wophunzira za malonda, dzina lache Ole Schou, anatsegula mu mzinda wa Aarhus nkhokwe yosungiramo mbeu ya amuna, yochedwa Cryos. Amuna opereka mbeu ayamba ayesedwa mwazi ndi kufunsidwa za nthenda za ku mtundu kwao. Mbeuyo iumitsidwa m'chisanu cha madigiri 196 pansi pa ziro, mmene ingakhale zaka zambiri osaonongeka, ndipo itumizidwa ku zipatala za m'maiko oposa 100. Poyamba mbeu yopatsidwayo inkapita kukathandiza mabanja amene mwamuna ali wosabala. Koma pakhomo panayamba kufika akazi opanda amuna, ndipo Nyumba ya Malamulo itaona zimenezi inakhazikitsa lamulo mu 1997 loletsa dokotala aliyense kuthandiza mkazi wosakhala ndi mwamuna.

Tsono lamulolo linachula madokotala okha, osachula azamba. Mzamba wina, Nina Stork, anaona mpata umenewu, ndipo mu 1999 anatsegula nyumba yache ya chithandizo mu mzinda wa Copenhagen, kumene iye ndi azamba anzache ankaika mbeu m'chiberekero cha mkazi aliyense wofuna, popanda kuswa lamulo ngakhale pang'ono. Akazi anafika kuchokera ku Sweden, ku Norway, ku Germany ndi kwina, ena pa sitima, ena pa ndege, nabwerera kwao tsiku lomwelo. Aphungu anatsutsana zaka zingapo, ndipo pomaliza anabvomereza kuti chiletso chimene chiletsa dokotala koma chilola mzamba sichiteteza mwana aliyense. Lamulo linasinthidwa mu 2006, ndipo kuyambira 2007 mkazi wopanda mwamuna alandira chithandizo m'zipatala za Boma monga mkazi wa pa banja. Malire alipo ndithu: Boma lilipira kufikira pa zaka ngati 40, ndipo lamulo sililola chipatala chirichonse, ngakhale cholipira, kuthandiza mkazi wopitirira zaka 45.

Maiko oyandikana nalo anatsatira pang'ono-pang'ono, Sweden mu 2016 ndi Norway mu 2020. Ku France ndeu inali yaikulu: mu Okutobala 2019 anthu zikwi zambiri anayenda m'miseu ya Paris kukana kuti Boma lithandize kubadwa kwa mwana wopanda atate, koma lamulo linaperekedwa ndithu mu Ogasiti 2021, ndipo akazi opempha chithandizo anachuluka kotero kuti ambiri anayenera kudikira koposa chaka, chimene kwa mkazi wa zaka 39 si chinthu chaching'ono. Ku America kunalibe lamulo loletsa, koma kunali chitonzo. Mai wina wa ku New York, Jane Mattes, anayambitsa bungwe lochedwa Single Mothers by Choice mu 1981 kuti akazi otere adzilimbikitsana. Ndipo mu Meyi 1992 wachiwiri kwa Pulezidenti wa dzikolo, Dan Quayle, anaima pa msonkhano nadzudzula mkazi wa m'sewero la pa televizioni, Murphy Brown, chifukwa cha kubala wopanda mwamuna. Dziko lonse linakangana masabata ambiri za munthu amene sanakhalepo nkomwe. Kwina khomo nlotseka ndithu: ku China mkazi wina, Teresa Xu, anapita ku bwalo la milandu mu 2019 chipatala cha ku Beijing chitakana kumsungira mazira ache chifukwa chosakwatiwa, ndipo analephera mlanduwo mu 2022, nalepheranso pa apilo mu 2024.

Nanga Anawo Akula Bwanji?

Otsutsa anena kuti mkazi wamkulu angathe kusankha za moyo wache, koma alibe mphamvu ya kusankhira mwana umasiye asanabadwe. Mau amenewa ngolemera, ndipo sayenera kukankhidwa pambali ndi chipongwe. Koma funso lakuti anawo akula bwanji lingathe kuyesedwa, ndipo layesedwa. Susan Golombok ndi anzache a ku University of Cambridge anayendera mabanja 51 a amai obala okha ndi mabanja 52 a atate ndi amai, onsewo a ana a zaka 4 kufikira 9 obadwa mwa mbeu yopatsidwa. Anafunsa amai, anaonerera ana, anafunsanso aphunzitsi, ndipo mu 2016 analengeza kuti sanapeze kusiyana pa makhalidwe ndi mtendere wa mumtima pakati pa ana a mbali ziwirizo. Kumene ana anali ndi mabvuto, chochititsa chinali kusowa kwa ndalama ndi kutopa kwa mai, ngakhale m'nyumbamo muli bambo ngakhale mulibe.

Pano tichenjeze awerengi kuti asatenge mau amenewa ndi kuwabzala pa nthaka yosayenera. Ana a mabanja otha ndi ndeu kawiri-kawiri abvutika chifukwa anaona ndeuyo, anataya atate amene ankawadziwa, ndipo chuma cha pakhomo chinagawika. Mwana wa solomor sanaone zimenezi. Kuonjezera apo amai ache ndi munthu wa malipiro, amene anakonzekera zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo ku Denmark ali ndi Boma pambuyo pache lompatsa miyezi yambiri ya chuti cholipidwa, nyumba zolerera ana masana pa mtengo wochepa, sukulu ndi chipatala chaulere. Ku Malawi kafuku-fuku wa zaumoyo wa 2015 ndi 2016 anapeza kuti mkazi abala mwana wache woyamba ali ndi zaka ngati 19, ndipo pafupi-fupi nyumba zitatu mwa khumi ziyendetsedwa ndi mkazi. Lamulo la nchito lipatsa mai wochira chuti cha masabata 8. Mtsikana wa zaka 19 wothawidwa ndi mnyamata ndi dona wa zaka 39 wa ku Copenhagen onse achedwa amai olera okha, koma afanana dzina lokha.

Atate Wanga Ndani?

Bvuto lenileni, monga tionera ife, lidza mochedwerapo, pamene mwanayo ayamba kulankhula. Ofufuza omwewo anapeza kuti ana a amai obala okha ayamba kufunsa za atate ao akali aang'ono, ena ali ndi zaka zitatu, pakuti aona anzao akutengedwa ndi abambo ao pa chipata cha sukulu. Mkazi wa pa banja amene anabala mwa mbeu yopatsidwa angathe kubisa, koma solomor alibe pobisala, ayenera kuyankha. Ndipo chimene angathe kuyankha chidalira lamulo la dziko limene anakalandirako mbeuyo.

Kale madokotala ankalonjeza opereka mbeu kuti maina ao sadzadziwika mpaka kale-kale. Sweden ndilo dziko loyamba kuthetsa chinsinsi chimenechi, mu 1985. Britain inatsatira patapita zaka makumi awiri: mwamuna aliyense wopereka mbeu kuyambira pa 1 Epulo 2005 adziwa kuti mwana wobadwa mwa iye, akakwana zaka 18, angathe kulembera bungwe la Boma lija nalandira dzina lache, tsiku lache la kubadwa ndi keyala yache yomaliza kudziwika. Ana oyamba a lamulo limeneli anakwana zaka 18 chakumapeto kwa 2023. Woperekayo sakhala atate pamaso pa lamulo: salipira chithandizo, alibe mau pa kaleredwe, ndipo mwana alibe gawo pa chuma chache cha masiye. Chimene mwana apatsidwa ndicho kudziwa kumene anachokera. Ku Denmark woperekayo asankha yekha ngati afuna kudziwika kapena ai, ndipo mai asankha pakati pa mitundu iwiriyo. Ndiye kuti pa tsiku limene adzaza pepala la chipatala, asankhiratu chimene mwana wache adzatha kudziwa zaka 18 kutsogolo. Koma chinsinsicho chayamba kuphwasuka chokha, pakuti masiku ano munthu atumiza malovu ache ku kampani yoyesa DNA, ndipo pa masabata ochepa aona pa intaneti maina a abale amene sanawamvepo.

Nkoyenera kuona mmene lamulo la ku Britain linasinthira funso lache. Lamulo la 1990 linkalamula dokotala kulingalira za kufunika kwa atate pa moyo wa mwanayo asanathandize mkazi. Mu 2008 Nyumba ya Malamulo inachotsa mau amenewo niika akuti dokotala aone ngati mwanayo adzakhala ndi omlera omchirikiza bwino. Phungu Iain Duncan Smith anayesa kubwezeretsa mau onena za atate, koma anagonja ndi mavoti 292 kwa 217. Chomwecho m'zaka zitatu zokha dziko lomwelo linaleka kufunsa ngati bambo adzakhala m'nyumba, koma linalimbikira kuti mwana adziwe dzina la amene anambala.

Pali chifukwa china chimene munthu wa kuno angachimve msanga koposa Mzungu. Ife tifunsa mlendo mfunda wache ndi mudzi wa kwao tisanampatse mkazi, kuopa kukwatitsa pa chibale. Nanga mwamuna mmodzi akabala ana mazana m'mizinda yoyandikana, osadziwana? Ku Britain mbeu ya mwamuna mmodzi siiloledwa kupitirira mabanja 10. Ku Netherlands malangizo a madokotala anali akuti ana asapitirire 25, koma mu Epulo 2023 bwalo la milandu la ku The Hague linalamula Jonathan Meijer kuti aleke kupereka mbeu, zitadziwika kuti ana obadwa mwa iye anali osachepera 550. Iye ankapita ku zipatala zosiyana-siyana, napezananso ndi akazi pa intaneti, nauza aliyense chiwerengero chochepa. Amene anasuma mlanduwo anali mmodzi wa amai a anawo pamodzi ndi bungwe loimira ana obadwa mwa njira imeneyi.

Mlandu umenewu uonetsa kuopsa kwa njira ya chidule. Popeza zipatala nzodula, ndipo ku England zipatala za Boma zambiri zifuna kuti mkazi wopanda mwamuna ayambe wadzilipirira yekha kangapo asanathandizidwe mwaulere, akazi ena afuna opereka mbeu pa Facebook. Pamenepo palibe woyesa mwazi, palibe wowerenga ana, ndipo lamulo la ku Britain liti mkazi wosakwatiwa akaima kunja kwa chipatala chobvomerezeka, mwamunayo ndiye atate pamaso pa lamulo, wokhoza kubwera pambuyo pache kudzafuna mwana ku khoti. Makolo athu anali nayo njira yao ya chinsinsi, ya fisi wolowa usiku m'nyumba ya mwamuna wosabala, imene tsopano idzudzulidwa chifukwa cha Edzi. Koma imeneyo inali ya kuteteza ukwati ndi ulemu wa mwamuna, ndipo mwana sankauzidwa kanthu. Malamulo oyendetsera dziko la Malawi, pa gawo 23, anena kuti ana onse ngofanana pamaso pa lamulo mosayang'ana mmene anabadwira, ndiponso kuti mwana ali ndi ufulu wa kudziwa makolo ache. Mau awiriwa aima pamodzi, ndipo mkazi aliyense wolingalira za njira imeneyi, kaya ali ku Lilongwe, ku Johannesburg kapena ku Manchester, angachite bwino kuwawerenga onse awiri.

Si onse amene asankha kubala ndi thupi lao. Ena atenga mwana wamasiye kuti akhale wao mwa lamulo, ndipo pa njira imeneyi dziko la Malawi linalowa m'nkhani za dziko lonse lapansi. Woimba wochuka wa ku America, Madonna, ukwati wache utatha mu 2008, anapempha yekha mu 2009, ali ndi zaka 50, kuti atenge mwana wamkazi wa kuno. Bwalo Lalikulu ku Lilongwe linakana mu Epulo chifukwa iye sanali wokhala m'dziko muno, koma Bwalo la Apilo linamlola mu Juni chaka chomwecho, ndipo mu 2017 analoledwa kutenganso ana awiri amapasa. Chimene chinabvuta oweruza chinali malo ache okhala, kusakwatiwa kwache sikunali chopinga, pakuti lamulo lathu lilola munthu mmodzi kutenga mwana, pokhapokha akhale wokwana zaka 25 ndiponso woposa mwanayo ndi zaka 21.

Amene Aima Pambuyo Pa Mai

Tsono tiwerenge zaka kachiwiri, koma molowera kutsogolo. Mkazi wobala pa zaka 41 adzakhala ndi zaka 59 pamene mwana atsiriza sukulu ya sekondale, ndipo adzalipira za ku koleji ali pa khomo la penshoni. Amache a mkaziyo, amene akadakhala mlezi, ali kale ndi zaka 65 kapena 70 pa tsiku la kubadwa kwa mdzukulu, ndipo posachedwa iwonso adzafuna wowasamala. Chomwecho mkazi mmodzi apezeka ali ndi khanda ku dzanja ili ndi nkhalamba ku dzanja ilo, malipiro ali amodzi. Akadwala malungo usiku, palibe wina m'nyumbamo wodzuka. Ndipo akamwalira mwana ali ndi zaka 10, palibe kuchimuna kumene mwanayo angapite, pakuti mbali yonse ya atate, agogo, azakhali ndi asuweni, kulibe. Nchifukwa chache alangizi a m'zipatala zimenezi afunsa mkazi asanayambe chithandizo kuti achule anthu amene adzamthandiza, ndipo mabungwe a amai otere alimbikitsa anzao kulemba wilo ndi kusankhiratu womlera mwana akali ndi pakati.

Kwa ife a mbali ya Achewa, Ayao ndi Alomwe funso limeneli si lachilendo. Pa chikamwini mwana ali wa mbumba ya amache. Mwamuna angathe kuchoka ndi bulangeti lache, koma ana atsala pa mudzi, ndipo wowayang'anira, wowaimira pa mlandu ndi wokhala nkhoswe pa ukwati wao ndiye malume, mwini mbumba. Kumpoto ndi ku Chigwa cha Shire, kumene kuli malowolo, nkwina ndithu: kumeneko mwana ali wa pfuko la atate, ndipo wopanda atate odziwika asowa pogwira pa nkhani ya munda ndi dzina. Sitinena kuti mwambo wa chikamwini unkalola mkazi kubala wopanda ukwati, pakuti akulu ankafunsa mwini mimba ndipo ankamlipitsa. Tingoti mwambowo unadziwa kale kuti mwana sangaime pa munthu mmodzi, ndipo unakonzeratu mzati wachiwiri wosadalira kukhala kapena kuchoka kwa mwamuna. Chobvuta nchakuti mkazi wophunzira wa zaka 40 ndiye amene kawiri-kawiri akhala kutali ndi mbumba yache, m'nyumba ya lendi m'tauni kapena kunja kwa dziko, ndipo abale ache ndiwo amene ayang'ana kwa iye pa fizi ndi feteleza.

Denmark, kumene mabanja ali aang'ono ndipo abale akhala motalikirana, yayamba kufuna mzati womwewo kudzera m'lamulo. Kumeneko chuti cha kulera khanda chigawidwa pakati pa atate ndi amai, ndipo mai wopanda mwamuna apatsidwa masabata amene akadakhala a atate. Koma masabata pa okha sasambitsa mwana. Chifukwa chache kuyambira pa 1 Januwale 2024 lamulo lilola kholo lolera lokha kupereka ena a masabata ache kwa mbale wapafupi, ndiye atate ache, amache, mkulu wache, mng'ono wache kapena mlongo wache. Ndiko kunena kuti mlongo wa maiyo, amene kuno timucha malume, angathe kupuma pa nchito yache masabata angapo, akulandira ndalama za Boma, kuti akasinthe matewera ndi kugoneka mwana wa mlongo wache.